Madzi ndi a tonse, nanga njira yotsikira kumadziko ndi ya yani?

Pali mawu amene ndatopa nawo kuwamva kwa opalasa mabwato ndi oyendetsa tingalawa ta matanga: "Madzi ndi a tonse, palibe angatitsekere." Amanena choncho mpanda ukumangidwa, amanenabe chipata chitaikidwa, kenaka amadzafuna uphungu tsiku lomwe apeza loko. Mawuwo si abodza ayi. Malamulo a Aroma olembedwa mu 533, nthawi ya mfumu Justinian, ananena kale kuti mpweya, madzi oyenda, nyanja ndi magombe ake ndi za anthu onse, ndipo mayiko ambiri anatengera mfundo imeneyi. Koma bwato silichokera kumwamba. Limatsitsidwa pamsewu, kudutsa pamtunda mamita 20, 50 kapena 100, n'kufika pamadzi. Kamtunda kameneka ndi kamene kamalandidwa, ndipo kakapita, ufulu wanu wa pamadzi umangotsala wa pakamwa.

Anthu amaphatikiza zinthu zitatu zosiyana. Kuyenda pamadzi n'kwina, kuyenda motsata gombe n'kwina, ndipo kudutsa kuchoka pamsewu kukafika pagombe mutasenza bwato kapena mukukoka ngolo yake n'kwinanso. Chachitatuchi ndi chimene malamulo ambiri amachisiya. Ku France lamulo la 1976 linasiya kanjira ka mamita 3 m'mphepete mwa nyanja, koma n'ka oyenda pansi. Ku Spain lamulo la magombe la 1988 linaona patali: kuwonjezera pa mamita 6 otsata gombe, linalamula kuti m'matauni njira za oyenda pansi zotsikira kunyanja zisatalikirane kuposa mamita 200, za magalimoto mamita 500. Ku Scotland lamulo la 2003 limalola munthu kudutsa pamalo ambiri ndi kupalasa pamitsinje ndi panyanja, bola bwatolo likhale lopanda injini ndipo munthuyo achite mosamala. Pomwe ku Massachusetts ndi ku Maine, zigawo za dziko la America, mwini malo amatha kukhala mwini wa mchenga mpaka pamene madzi amalekeza akaphwa, ndipo ngakhale lamulo lakale la m'ma 1640 limalola kusodza ndi kuyendetsa bwato pamenepo, silikupatsani njira yodutsa pamalo ouma a mwiniwakeyo. Ndiye musamve za dziko lina n'kumayesa kuti kwanunso zili chimodzimodzi. Tsegulani lamulo lakwanu muli ndi funso limodzi: likundilola kudutsa pati, nditanyamula chiyani?

Nkhani imene imandivutabe mumtima ndi ya gombe la Martins Beach, kumwera kwa mzinda wa San Francisco, m'chigawo cha California ku America. Kwa mibadwo ingapo banja lomwe linali ndi malowo linkalola anthu kutsika ndi msewu wawo kukafika kunyanja, n'kumalipiritsa kangachepe koimikira galimoto. Aliyense ankaona ngati msewuwo ndi wa anthu onse. Agogo anadutsapo, ana anadutsapo, adzukulu anadutsapo. Mu 2008 malowo anagulitsidwa, ndipo pasanapite nthawi yaitali chipata chinatsekedwa. Bungwe loteteza magombe la Surfrider Foundation linapita kukhoti mu 2013 ndipo linapambana, koma taonani mfundo imene linapambanira: kuti kutseka njira yopita kugombe kumafuna chilolezo pansi pa lamulo la magombe la California la 1976, ndipo mwini watsopanoyo analibe chilolezocho. Khoti lalikulu la America linakana kumva apilo yake mu 2018. Anthu anasangalala. Koma mu 2019, pa mlandu wina wa gombe lomwelo, khoti linagamula kuti zaka zonse zija sizinapatse anthu ufulu wodutsa pamsewuwo, chifukwa ankalipira. Wolipira amavomereza yekha kuti akudutsa mwa chifundo cha mwini malo. Mu 2020 boma la California linachita kuyambitsanso mlandu wake.

Chimene chimandipweteka n'chakuti eni ake akale aja sanali anthu oipa. Anali okoma mtima, ndipo kukoma mtima kwawoko n'komwe kunagoneka anthu tulo. Nthawi yonse imene chipata chinali chotsegula inali nthawi yabwino yokhalira pansi, kuyeza msewuwo ndi kuulembetsa. Palibe anaona chifukwa. Ngati doko lanu mumalifikira chifukwa mwini malo ndi munthu wabwino, dziwani kuti mulibe doko. Munthu amamwalira, amagulitsa, amagwa mu ngongole, ana ake amagawana malo.

M'mayiko ambiri njira imatha kusanduka ya anthu onse ngati yagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali poyera, popanda kukakamiza, popanda kuzemba, ndiponso popanda kupempha. Ku England ndi zaka 20 zosadukiza, malinga ndi lamulo la misewu la 1980. Eni malo amazidziwa bwino izi kuposa inu. N'chifukwa chake tsiku lina mumangopeza kachikwangwani kakang'ono kolembedwa kuti mukudutsa mwa chilolezo cha mwini malo, kapena chipata chimatsekedwa tsiku limodzi pachaka, kapena mlonda amayamba kulembetsa mayina m'kabuku. Opalasa amangoseka n'kudutsa. Musaseke. Kachikwangwaniko kakuimitsa kuwerengera kwa zaka zanu, ndipo tsiku limene kaikidwa liyenera kulembedwa, kujambulidwa, ndi kukanenedwa kwa odziwa malamulo sabata yomweyo.

Umboni umasonkhanitsidwa mkangano usanabuke. Pitani ku ofesi yolembetsa malo mukaone chikalata cha malo amene njirayo ikudutsa ndi mapu ake. Onani ngati njirayo inajambulidwa, m'lifupi mwake ndi mamita angati, ndiponso ngati ikufikadi pamadzi kapena ikuthera pamalire ena mamita ochepa musanafike. Izi zimachitika kawirikawiri, makamaka pamene gombe linasuntha kapena panathiridwa dothi. Pezani woyeza malo wovomerezeka apeze mabikoni osonyeza malire, chifukwa mipanda imakonda kuyenda usiku theka la mita lero, theka lina chaka chamawa. Kenaka zithunzi zakale zokhala ndi madeti, zithunzi zojambulidwa kuchokera m'mwamba, mabuku a kalabu olembamo maulendo, ndi makalata a mboni. Mboni iliyonse ilembe payokha: inayamba liti, imadutsa kangati pachaka, inkanyamula chiyani, inaonapo chikwangwani kapena ayi, inapemphapo kapena kulipirapo kapena ayi. Makalata 50 ofanana mawu onse alibe mphamvu ngati makalata 10 olembedwa aliyense m'mawu ake. Ndipo yambani ndi okalamba, pakuti ndiwo akusunga zaka zoyambirira zija, ndipo sadikira.

Tsono si njira zonse zimatsekedwa ndi loko. Zambiri zimafa zikukonzedwa. Khonsolo kapena kampani imalonjeza kuti anthu azifikabe kumadzi, papulani n'kujambuladi kanjira, koma wojambulayo sananyamulepo bwato. Kayak ya panyanja, kabwato kowonda kopalasa ndi nkhafi, imatalika mamita 5 kapena kuposerapo ndipo imalemera makilogalamu 20 mpaka 30. Siingakhote pakanjira ka mita imodzi kokhala ndi ngodya pakati pa makoma awiri, ndiponso siitsika bwino pamasitepe okhotakhota. Kangalawa ka matanga ka munthu mmodzi kamalemera pafupifupi makilogalamu 60 kopanda zida, ndipo kamayenda pangolo yokoka pamanja. Kamafuna njira yoongoka ya mamita 2.5 mpaka 3 m'lifupi. Chotsetsereka cha mabwato okokedwa ndi galimoto chimapendekeka masentimita 12 mpaka 15 pa mita iliyonse. Kwa munthu wokoka pamanja pakonkire yomera ndere, kupendekeka kumeneko n'koopsa. Iye amafuna kosapitirira masentimita 8 pa mita, pansi pokhakhala, ndipo konkireyo ipitirire mpaka pansi pa pamene madzi amalekeza akaphwetsetsa. Ikathera pamwamba, mawilo a ngolo amagwera m'dzenje limene mafunde amakumba kumapeto kwake.

Thandala loyandama lokwererapo mabwato a injini limakhala pafupifupi theka la mita pamwamba pa madzi. Wokhala mu kayak sangakwerepo popanda kugudubuzika; amafuna la masentimita 15 mpaka 25. Khoma loteteza gombe kapena miyala ikuluikulu yothiridwa m'mphepete imachotseratu pokocheza, pokhapokha atasiya mpata wa mchenga. Chitsulo chopingasa cha mamita 2 pakhomo la poimika magalimoto chimaletsa galimoto iliyonse yosenza bwato padenga. Ndipo chimene sindifuna muiwale ngakhale pang'ono ndi nthambo zamagetsi. Mlongoti wa kangalawa kakang'ono umafika mamita 6, nthawi zambiri ndi wa aluminiyamu, ndipo anthu afa pouimika kapena pokoka ngalawa pansi pa nthambo. Pakati pa malo omangira matanga ndi madzi pasakhale nthambo ina iliyonse m'mwamba.

Mukamalankhula ndi akhonsolo, musadalire mfundo ya chisangalalo yokha, chifukwa amaiyeza ndi ndalama za hotela n'kuipeza yopepuka. Nenani za moyo. Wopalasa wamba amayenda makilomita 4 kapena 5 pa ola madzi ali bata, ndipo mphepo ikamuomba kumaso liwirolo limatsika kwambiri. Doko limodzi likatsekedwa pakati pa awiri otalikirana makilomita 10, munthu wotopa, wozizidwa, kapena amene wathyokeredwa nkhafi amakhala maola pamadzi wopanda pothawira. Njira yomweyo ndi imene opulumutsa anthu amatsikira.

Kuchedwa ndiye mdani wamkulu. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi: womanga akapereka pulani yake, inunso tsiku lomwelo muyambe. Nthawi yoperekera madandaulo imakhala yaifupi. Ku England kawirikawiri ndi masiku 21, ndipo wofuna kutsutsa chilolezo chomangira kukhoti ali ndi masabata 6 okha. Kwina masiku amasiyana, koma kulikonse ndi ochepa. Chidziwitso chimamatidwa pamtengo kapena kuikidwa pakona ya nyuzipepala, nthawi zina m'nyengo imene opalasa safika kugombe. Sankhani munthu mmodzi m'gulu lanu amene ntchito yake ndi kuyang'ana zidziwitso za khonsolo sabata iliyonse. Dandaulo lilembedwe, likhale ndi nambala ya pulaniyo, miyezo imene mukufuna, ndi umboni wakuti lalandiridwa. Maziko akathiridwa, makhoti ambiri safulumira kulamula kuti nyumba igwetsedwe, ngakhale mutakhala kuti munali olondola.

Chenjeraninso ndi madobadoba. Mpanda ukangoima, amatulukira anthu onena kuti amadziwana ndi akuluakulu, muwasonkhere ndalama akakutengereni kalata. Kalata yosalembetsedwa pa chikalata cha malo siimanga wogula wotsatira. Ena amadzitcha oyeza malo alibe chiphaso, ndipo mapu awo khoti siliwalandira. Funsani nambala yawo ya kaundula musanalipire. Ena amakuuzani kuti muzimupatsa kenakake mlonda. Mukatero mukudzipangira nokha umboni wakuti mumadutsa mopempha, monga zinachitikira ku Martins Beach. Ndipo pali olimba mtima a pa Facebook amene amati tiyeni tikadule loko usiku. Mukadula, nkhani ya njira imasanduka mlandu wanu wowononga katundu, ndipo kudutsa mokakamiza sikuwerengedwa pa zaka zija. Pezani loya wodziwa za malo, osati aliyense wovala jekete.

Mwini malo akavomera kukambirana, musakane kulolerana pa zinthu zazing'ono monga maola otsegulira, zinyalala, phokoso, ndi kutsuka mabwato kuti asasamutse zomera ndi tizilombo ta m'madzi ena. Madandaulo ake pa zimenezi nthawi zambiri amakhala oona, ndipo gulu limene limasiya mabotolo ndi kutseka khomo lake ndi magalimoto likumupatsa chifukwa. Koma pa chikalata cha mgwirizano wanu musagonje. Chitchule njirayo ndi mapu oyezedwa, m'lifupi mwake m'mamita, kuti ikufika mpaka pamadzi ngakhale gombe litasuntha, kuti ndi ya anthu onse osati mamembala a kalabu okha, ndiponso kuti ikulola kunyamula ndi kukoka mabwato, kuwatsitsa, kuwakocheza ndi kuimika galimoto potsitsa katundu. Chinene amene azikonza njirayo ikakokoloka. Chikhale chosatha, chomanga aliyense wodzagula malowo, ndipo mwini ufuluwo akhale khonsolo kapena bungwe lolembetsedwa, osati munthu mmodzi. Chikasainidwa chikalembetsedwe ku ofesi ya zamalo, ndipo pakapita miyezi ingapo mubwererekonso mukaone ndi maso anu kuti chalowadi m'kaundula.