Musanagule sinki ya ku bafa, gogodani kaye khoma

Eni nyumba ambiri kuno ku Dedza amaitana pulambala atagula kale sinki. Umaipeza ili m'katoni pakona, yoyera mbee, ataitenga ku Lilongwe kapena pa hadiweya ina pa boma pano, ndipo mawu amangokhala akuti, "Amisiri, ingopachikani, zonse zilipo." Ine ndisanatsegule katoniyo ndimayamba ndagogoda khoma la bafa. Masinki ambiri amene ndawapeza atagwa kapena atapendekeka analibe vuto lililonse. Chinalephera ndi khoma limene anawapachikapo.

Nyumba zambiri ku Bembeke, ku Linthipe, ku Lobi ngakhalenso m'malokeshoni a pa boma n'za njerwa zootcha koma zomangira dothi, kenako anazipaka pulasitala wa simenti. Pamaso khomalo limaoneka lolimba. Mukayamba kuboola, fumbi loyamba limatuluka lotuwa, la simenti, koma mukangolowa masentimita awiri limasanduka lofiira ndipo chobooleracho chimangolowa chokha osalimbana nacho. Bawuti yomangidwa pamenepo imagwira miyezi yochepa basi. Sinki yapakatikati imalemera makilogalamu 10 kapena kuposa ilibe madzi. Onjezanipo bambo akuitsamira posukusula m'mawa, ndi mwana amene akudzikoka nayo kuti afikire mpopi. Tsiku lina mumangoona mpata pakati pa sinki ndi matailosi, madzi ayamba kulowa mmenemo, dothi la m'kati lanyowa, ndipo zikafika apo kugwa sikukhala patali. Sinki ikasweka zidutswa zake zimatema kwambiri, ndiye nkhaniyi sindiitenga mopepuka pakhomo pamene pali ana.

Pakhoma lotere ndimalangiza sinki ya mwendo, ija imakhala ndi chipilala chake chofika pansi. Kulemera kumatsikira pa simenti ya pansi, mabawuti a kukhoma amangoigwira kuti isagwedere. Koma mabawutiwo akhalepo ndithu. Ndaonapo masinki ongokhazika pa mwendo n'kumata silikoni, ndipo imeneyo si ntchito. Ngati mtima wanu uli pa sinki yopachika, lolani mmisiri agumule pang'ono pamene padzalowe mabawuti, athirepo konkiriti, mudikire masiku osachepera 7 isanapachikidwe. Njira ina yolimba ndiponso yosaboola m'thumba ndi kumanga tizipilala tiwiri ta njerwa ndi simenti, kuyala kasilabu pamwamba, sinki n'kukhala pamenepo.

Mabuloko a simenti, amene afala masiku ano, nawo ali ndi pawo. M'kati mwake ndi mphako, ndiye pulagi ya pulasitiki, ija imalowetsedwa m'bowo la khoma kuti bawuti igwire, imasowa pogwira. Uzani womanga nyumba adzaze konkiriti m'mabuloko a pamene padzakhale sinki khoma likadali m'munsi. Ndi ntchito ya wilibala imodzi yosadzaza n'komwe.

Kutalika kwake, mlomo wa sinki ukhale masentimita 80 mpaka 85 kuchokera pansi. Kuyezako kuyambire pamwamba pa matailosi, osati pa konkiriti yosamalizidwa, apo ayi sinki idzakhala yaifupi mudzaziwerama mpaka kalekale. Kutsogolo kwake kutsale malo osachepera masentimita 60, ndipo tsegulani chitseko muone ngati sichikuigunda.

Mukafika pogula, musachite manyazi kuitulutsa m'katoni. Igogodeni ndi chala: yabwino imalira ngati belu, yokhala ndi mng'alu wobisika imangoti phu. Yendetsani dzanja m'mphepete ndi kuzungulira bowo lotulukira madzi. Werengani mabowo a mipopi, chifukwa sinki ya bowo limodzi ndi ya mikisa (mpopi umodzi wosakaniza madzi otentha ndi ozizira), ya mabowo awiri ndi ya mipopi iwiri, wotentha kumanzere, wozizira kumanja. Onaninso kuti ili ndi kabowo kam'mwamba kotulutsa madzi akasefukira. Kuno madzi akasiya, wina amatsegula mpopi kuyesa, n'kuiwala kutseka, madziwo n'kubwera usiku anthu ali m'tulo. Kabowo kameneko kapulumutsa nyumba zambiri. Masinki osaya kwambiri aja amakongola m'sitolo, koma madzi amathovukira pa malaya ndi pansi, bafa n'kumakhala lonyowa tsiku lonse.

Kuzizira kwa Dedza mu Juni ndi Julayi kumachititsa ambiri kufuna mikisa kuti azisamba m'manja madzi ofunda. Palibe cholakwika, koma dziwani kaye kumene madzi anu akuchokera. Ngati akulowa molunjika kuchokera ku paipi ya Central Region Water Board, kawirikawiri mphamvu imakwana. Ngati akuchokera m'thanki ya pabwalo, mphamvu imadalira kutalika kwa thankiyo: mamita 10 aliwonse amapereka bar imodzi (bar ndi muyeso wa mphamvu ya madzi m'paipi). Thanki imene yatalikira mpopi ndi mamita atatu ikupereka 0.3 bar yokha, pamene mamikisa ambiri a chogwirira chimodzi amafuna bar imodzi kapena kuposa. Zotsatira zake madzi amangotuluka mwa ulesi, mwini nyumba n'kumati anamugulitsa chinthu chabodza. Pa thanki yaifupi, mipopi wamba yopotokola ija ndi imene imatumikira bwino, ndipo ikayamba kudontha mumangosintha washa.

Tsopano za kunsi kwa sinki, kumene anthu sayang'anako ndiponso kumene amisiri othamangira ndalama amabera ntchito. Pansi pa sinki pamayenera kukhala thirapu, kaya ya botolo kaya yopindika. Ntchito yake ndi kusunga timadzi tochepa nthawi zonse, totseka njira kuti mpweya wonunkha wa ku sokawe (dzenje lolandira madzi otayidwa) ndi mphemvu zisakwere kulowa m'nyumba. Mukamva bafa likununkha chonsecho mumakolopa tsiku ndi tsiku, weramani muone. Nthawi zambiri mupeza kapaipi kamakwinya kongolowetsedwa m'bowo la pansi, kopanda popindika posunga madzi. Paipi yotaya madzi ikhale ya PVC ya mamilimita 40, yotsetsereka pafupifupi masentimita awiri pa mita iliyonse, ndipo thirapuyo isakwiriridwe mu simenti, pakuti tsiku lomasula lidzafika ndithu.

Paipi iliyonse yobweretsa madzi ikhale ndi kotsekera kake pansi pa sinki, kamene m'mahadiweya amati angle valve. Anthu amakana kugula poti n'kuwonjezera ndalama, koma popanda iko, mpopi umodzi ukawonongeka mumatseka madzi a nyumba yonse mpaka pulambala apezeke. Pomanga nati ya pa bowo lotulukira madzi, dzanja likwane ndi kungowonjezera pang'ono ndi sipanala. Kumanga mwankhanza kumang'ambula sinki pomwepo, ndipo mng'aluwo umadzaonekera patapita masabata. Mpata wa pakati pa sinki ndi khoma umatsekedwa ndi silikoni, osati simenti, chifukwa simenti imauma gwa n'kusweka.

Pa kasamalidwe, chimene chimandipweteka mtima ndi kuona sinki yatsopano itakwechedwa ndi mchenga, phulusa kapena sitiliwulu monga tichitira ndi mapoto. Kunyezimira kwa pamwamba kuja ndi kagalasi kopyapyala. Kakakalika sikabwereranso, ndipo litsiro limakhazikika m'mikalo imeneyo. Sopo ndi kansalu kofewa zakwana. Amene mumagwiritsa madzi a pa mjigo ndipo mukuona zoyera zouma pa mpopi, nyowetsani kansalu mu viniga, mukulunge pamenepo kwa ola limodzi, kenako mutsuke. Madzi obwadamuka a m'ketulo musawakhuthulire mu sinki yozizira m'mawa wa Juni; yambani mwathira ozizira, poti kusintha kwadzidzidzi kumeneko kumatha kuing'ambula.

Madzi akayamba kuchedwa kutsika, musathamangire soda wa kositiki, amene amawotcha khungu ndi maso. Ikani ndowa pansi, masulani kunsi kwa thirapu ndi manja, muchotse tsitsi ndi sopo woundana, mubwezeretse mphira wake bwinobwino. Ndi ntchito ya mphindi 10 yosafuna pulambala. Ndipo madzi akabwerera atasiya masiku angapo, amadza ndi dothi ndi dzimbiri la m'mapaipi. Yambani mwatsegula mpopi wa pabwalo mpaka ayere, kenako masulani kasefa ka kumlomo kwa mikisa, mukatsuke, ndiye mutsegule ya m'nyumba.