Chiphaso cha mapanelo si cha khoma lonse

Pali mphekesera yoti mapanelo okutira kunja kwa nyumba akakhala ndi chiphaso cha moto, khomalo silingapse. Limeneli ndi bodza loti likhoza kuphetsa anthu.

Poyesa motsatira BS 8414, muyezo wa ku Britain woyesera mmene moto umafalikira pa makoma akunja, amamanga khoma lotalika mamita 8 kapena kuposa, lokhala ndi mapanelo, zotchinga kutentha, mpata wa mpweya ndi zotsekera moto mumpatamo, kenako amayatsa nkhuni pansi pake kwa mphindi 30. Zotsatira zake zimakhudza kaphatikizidwe kameneko basi. Womanga akasiya zotsekerazo, mpatawo umakoka malawi ngati chumuni. Pa nyumba yosanjikizana ya Grenfell Tower ku London mu 2017, mapanelo okhala ndi pulasitiki mkati anafalitsa moto ndipo anthu 72 anamwalira.

Kulimba kwa khoma pa mvula ndi mphepo amakuyesa padera, choncho funsaninso mapepala ake.