Lekani kumubwerezetsa kalasi, mupezereni mmisiri

Zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zikangotuluka ndimadziwiratu alendo amene andipeze. Mayi amafika ndi mwana wamtali kuposa iwo, ndevu zayamba kale kumera, ndipo mawu ake ndi omwewo chaka ndi chaka: "Aphunzitsi, tati abwerezenso kamodzi, mwina ulendo uno mutu utseguka." Ndatopa nawo mawu amenewa. Zaka zonse zimene ndaphunzitsa ana ofuna thandizo lapadera, sindinaonepo mutu wa mwana ukutseguka chifukwa wakhala pa desiki imodzimodzi kachinayi.

Tisasokoneze zinthu. Sindikunena mwana wojomba, kapena wobwera m'kalasi m'mimba mulibe kanthu. Sindikunenanso amene samva bwino, saona pa bolodi, kapena amagwa khunyu osalandira mankhwala. Ana otere ambiri amatchedwa mbuli pomwe vuto lili m'khutu, ndiye ngati simunapite naye kuchipatala kukamuyeza makutu ndi maso, yambirani pamenepo mawa lomwe. Amene ndikunena ine ndi mwana wa ulumali wa nzeru, uja sajomba, amafika woyamba, amasesa kalasi osatumidwa, amakopera notsi zonse mwaukhondo, koma zimene waphunzira Lolemba pofika Lachitatu zapita. Chenji chimamusokoneza. Mukamutuma zinthu zitatu amabwera ndi chimodzi. Ena anadwala malungo a mu ubongo ali aang'ono, ena anabanika pobadwa, ena ananyentchera, ena anabadwa ndi ulumali wotchedwa Down syndrome. Palibe jakisoni wokonza zimenezi. Koma mwanayo amaphunzira ndithu. Amaphunzira ndi maso ndi manja, pang'onopang'ono, pobwereza chinthu chimodzi mpaka chitakhazikika, ndipo chikakhazikika amachigwira mokhulupirika kuposa anzake ochenjera amene amatopa nacho msanga.

Pali mnyamata wina amene mpaka lero amandisowetsa tulo. Ndinamudziwa ali ndi zaka 15, ali Sitandade 6. Dzina lake ankatha kulemba, koma ndime yaifupi ya Chichewa ankaiwerenga thukuta lili kamukamu. Tsiku lina gudumu la njinga yanga linapindika, ndipo ndinangoitsamiritsa pakhonde la ofesi. Potuluka ndinamupeza waitembenuza magudumu m'mwamba, akuzungulitsa pang'onopang'ono, chala chake chili pafupi ndi limu kuti amve pamene ikukhudza, kwinaku akumanga masipoko limodzilimodzi ndi kasipanala kobwereka. Palibe anamuphunzitsa. Ankangoima pamsika kuonerera mkulu wina wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango. Anatha ola lathunthu osadzutsa mutu, ndipo gudumu lija linawongoka.

Ndinapita kwa mkulu wa njinga uja. Sanavute n'komwe. "Mubweretseni, ndimamudziwa ameneyo, sagwira za eni." Bambo a mwanayo ndi amene anakana. Anati mwana wawo sangakhale wamagirisi, iwo analekeza sukulu chifukwa cha fizi, nanga iyeyu alekeze chifukwa chiyani sukulu ili yaulere? Anapempha chaka chimodzi chokha. Ine ndinavomera, ndipo pamenepo ndi pamene pamandiwawa, chifukwa ndinkadziwa bwino lomwe kuti chakacho sichisintha kanthu, kungoti ndinaopa kukhumudwitsa kholo. Chaka chimodzi chinasanduka zisanu. Sitandade 7 anakhalamo kawiri, mayeso a Sitandade 8 analemba katatu. Pamene ankasiya anali ndi zaka 20, atakhala pakati pa ana a zaka 13 amene ankamutcha agogo. Mkulu wa njinga uja anali atasamuka. Ndipo m'zaka zisanu zimenezo mnyamatayo anaphunzira chinthu chimodzi mpaka chinakhazikika: kuti iye ndi wolephera.

Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makolo ambiri amaona ngati kubwereza kalasi sikutayitsa kanthu, poti palibe fizi. Zimene zikutayikazo ndi zaka zimene mwana akadali womvera, asanayambe manyazi, asanadziwe kumene amatcheza kachasu. Malamulo a ntchito a dziko lino salola kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo ntchito zoopsa n'zoletsedwa kwa wosakwana zaka 18, ndiye sindikuti mumuchotse sukulu ali wamng'ono. Apite, aphunzire kulemba dzina, kuzindikira ndalama, kuwerenga nthawi, kukhala ndi anzake. Koma akafika zaka 14 kapena 15, masana ndi Loweruka ayambe kupezeka pafupi ndi ntchito yamanja. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Ndiye ntchito yanji? Musayambe ndi dzina la ntchito, yang'anani mmene imayendera tsiku ndi tsiku. Mwana wotere amachita bwino pamene zochita za lero ndi zomwezo za dzulo, pamene akuona ndi maso kuti wamaliza kapena sanamalize, komanso pamene pali munthu wamkulu pafupi woti amufunse zikasokonekera. Kwa kalipentala mwina sadzatha kuyeza ndi kudula thabwa payekha, koma kupala ndi sandipepala, kupaka vanishi ndi kumanga misomali pamene amusonyeza, zimenezo adzazichita bwino kuposa mwini shopu, ndipo kalipentala aliyense wokhala ndi maoda amasowa munthu wotere. Kwa telala pali misoko yowongoka ya mayunifomu a sukulu, mabatani, kusita. Pali kuumba mabuloko a simenti, kudzaza dothi m'machubu ku nazale ya mitengo, kuthirira kudimba, kukanda ufa ku bekale, kuchapa magalimoto, kuyeretsa m'maofesi ndi m'malo ogona alendo.

Ulimi wa nkhuku ndimaukonda mwapadera. Nkhuku zimafuna chakudya ndi madzi nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, khola losesedwa, mazira otoledwa asanasweke. Mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa amasamala khola la azakhali ake, ndipo ndi iye amayamba kuona kuti nkhuku ina yafooka, chifukwa amazidziwa imodziimodzi. Za katemera ndi za mitengo amachita ndi azakhaliwo. Umu ndi mmene ziyenera kukhalira: iye agwire gawo limene akulitha, gawo la masamu ligwiridwe ndi wina wokhulupirika.

Apa ndiye makolo ambiri amalakwitsa ndi chikondi chomwe. Amatenga ngongole ku banki mkhonde n'kumutsegulira okala kuti "adziimire payekha." Pakutha miyezi iwiri katundu watha, ndalama palibe, mudzi wonse watenga pangongole ndipo iye sakumbukira anatenga ndani. Ena amamugulira njinga yamoto kuti azichita kabaza, ntchito yofuna kuganiza mwachangu pamsewu uku akuwerenga chenji. Mudzamupha mwanayo. Ulonda wa usiku ali yekha, ayi. Ndipo chimene ndimakaniratu ndi kutumiza mtsikana wotere kutauni kukagwira ntchito ya m'nyumba kwa anthu amene simuwadziwa bwino. Mtsikana amene anaphunzitsidwa kumvera aliyense wamkulu, amene sangathe kufotokoza bwino zimene zamuchitikira, amene ngakhale atafotokoza anthu adzati "ndi wopepera uja," mukumupereka m'manja mwa afisi. Agwire ntchito pamene madzulo abwerera kunyumba ndipo mumuona nkhope.

Mmisiri womuphunzitsa mumusankhe mosamala kuposa ntchito yeniyeniyo. Wodziwa kwambiri koma waukali sangathandize. Mwana wotere akakalipiridwa kawiri manja amanjenjemera, n'zomwe ankadziwa zimathawa. Funani wofatsa, wosonyeza ndi manja m'malo molongosola ndi pakamwa, wopereka chinthu chimodzi n'kudikira chithe asanapereke china. Mugwirizane za malipiro poyera, pamaso pa mboni, kaya ndi amfumu kaya mkulu wa mpingo, ngakhale mmisiriyo ali malume ake enieni. Makamaka akakhala malume ake. Ndaona anyamata akugwira ntchito zaka zambiri kwa achibale, malipiro ake nsima ndi malaya akutha, uku wachibaleyo akutamandidwa kuti akusunga wolumala. Munthu wogwira ntchito alandire ndalama. Ngati simungathe kumusungira m'manja, mutsegulireni Mpamba kapena Airtel Money m'dzina lake, ndipo muzionera limodzi zimene zalowa.

Mundifunsa za masukulu. Makoleji akuluakulu a ntchito zamanja monga Soche, Nasawa, Namitete ndi Lilongwe amafuna satifiketi ya MSCE, ndiye makolo akamva zimenezo amangoti khomo latsekeka. Koma bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, limathandizanso maphunziro a luso kunja kwa makoleji amenewa, kwa amisiri a m'madera. Bungwe limene tinkalidziwa kuti MACOHA, lomwe tsopano ndi MACODA, lili ndi malo ophunzitsira anthu aulumali ntchito zamanja ku Magomero m'boma la Chiradzulu komanso ku Lilongwe. Ku Mzuzu a St John of God amagwira ntchito ndi ana ndi achinyamata otere. Pitani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku boma kwanu mukafunse, ndipo mufunefune makolo anzanu a PODCAM, bungwe la makolo a ana aulumali. Kungoti malo amenewa ndi ochepa, ana ndi ochuluka, ndiye musakhale pansi zaka zitatu kudikira kalata pomwe wowotcherera zitsulo ali kuseri kwa nyumba yanu.

Tsopano za anthu amene amandikwiyitsa kuposa onse. Kholo la mwana wotere ndi munda wa aliyense wofuna kukolola posalima. Sing'anga adzakuuzani kuti azakhali ake anamutchingira nzeru. Mneneri adzati ndi chiwanda cha kumtundu, mubwere ndi chopereka. M'basi mukwera munthu wogulitsa timabotolo ta mankhwala owonjezera nzeru. Oyandikana nawo adzanong'ona kuti bambo ake anamukhwimira kuti bizinesi iyende, ndipo mabanja atha chifukwa cha bodza limeneli. Palibe mankhwala, a chikuda kapena a m'botolo, amene amachotsa ulumali wa nzeru. Choopsa kwambiri n'chakuti ena mwa anthu amenewa amauza makolo kuti asiyitse mwana mankhwala a khunyu, ndipo kugwa kukachuluka osathandizidwa ubongo umene unali wofooka kale ukhoza kuwonongekeratu. Aliyense wokuuzani kuti musiye mankhwala a kuchipatala, mutulutseni m'nyumba mwanu.

Bambo a mnyamata wa njinga uja anagulitsa mbuzi zinayi kulipira anthu oterewa. Mbuzi ziwiri zokha zikanakwana kugula pampu, masipanala, guluu ndi zigamba, mwana n'kukhala ndi bokosi lake pansi pa mtengo. Chaka chatha ndinakumana naye pa depoti ya mabasi atasenza thumba la chimanga, mphini za sing'anga zikuonekabe m'mbali mwa mutu, mpweya ukununkha mowa nthawi ya m'mawa. Amamupatsa ndalama iliyonse imene mwini katundu wafuna, iye sawerenga. Anatula thumba lija, n'kundipatsa moni ndi manja awiri, ndipo anandifunsa ngati gudumu la njinga yanga lidakali lowongoka.