Tambala wobwera naye musamuponye m'khola tsiku lomwelo

Mwezi sungathe osalandira foni kapena uthenga wa pa WhatsApp wa nkhani ya atambala. Wina akuti adokotala, ndili ndi atambala anayi kuseli kwa nyumba kuno, aneba akudandaula phokoso ndipo alandilodi anena kuti achoke, ndiwatumize kumudzi? Wina naye akuti achimwene andipatsa tambala wamkulu bwino wa Mikolongwe, mtundu uja wa nkhuku zakuda zikuluzikulu, ndimulowetse bwanji kwa nkhuku zanga? Mafunso awiriwa kwa ine ndi funso limodzi, chifukwa tambala amene akuchoka pakhomo pa uyu ndi yemweyo akukafika pakhomo pa uyo.

Atambala amachuluka chifukwa chake n'chosavuta. Thadzi likafungatira mazira masiku ake 21 aja, mwa anapiye oswedwawo pafupifupi theka amakhala amuna. Ali ang'ono simuwerengera, koma akafika miyezi inayi kapena isanu mumangomva m'bandakucha timawu tosasa tikuyeserera kokoliliko, kenako ndewu, kenako mathadzi ayamba kuthothoka nthenga pamsana ndi pankhongo chifukwa chokweredwa mowirikiza. Tambala mmodzi amakwanira mathadzi 8 mpaka 10, otsalawo akungodya madeya. Ndipo kwa inu a m'tauni amene mumangofuna mazira akudya, tambala simukumufuna n'komwe, nkhuku imaikira popanda iye, kungoti mazirawo sangaswe. Ambiri samakhulupirira ndikawauza zimenezi.

Njira yachidule tonse tikuidziwa, mpeni ndi mphika, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Koma tambala wina amakhala wabwino zedi woti kumudya n'kutaya mbewu, thupi lalikulu, miyendo yowongoka, wofatsa ndi ana, uja akapeza chiwala amaitana mathadzi m'malo momeza yekha. Ameneyo ndi woyenera kumupezera khomo lina. Kusinthana atambala kumathandizanso kuti tambala asamangokwera ana ake omwe chaka ndi chaka, zimene zimafooketsa nkhuku, mazira osaswa bwino, anapiye onyentchera. Ndiye kupatsana ndi chinthu chabwino. Vuto lili pa kalandiridwe.

Ndinaitanidwapo pakhomo pena, nyengo yotentha cha mu Okutobala. Mayi wa pamenepo analandira tambala kuchokera kwa alamu awo, anabwera naye pa kabaza atamangidwa miyendo ndi luzi, wooneka bwino, lipombo lofiira kuti psuu. Madzulo omwewo anamumasula n'kumulowetsa m'khola. Pamene ine ndimafika patatha sabata ndi masiku, nkhuku zinali zitavala majekete, mapiko ali lende, chitosi chobiriwira paliponse, ina khosi litapotoka ikungozungulira pamodzimodzi pafupi ndi mtondo. Chitopa. Mayi aja anati koma tambalayu anabwera ali bwinobwino adokotala, mwina pali wina watiponyera. Palibe anawaponyera. Kachilombo ka chitopa kakalowa mu nkhuku kamatenga masiku awiri mpaka 15 zizindikiro zisanaoneke, nthawi zambiri asanu kapena asanu ndi limodzi, ndiye nkhuku itha kuyenda mtunda wonsewo ikuoneka yamphamvu koma itanyamula imfa ya khola lonse. Ndipo chitopa chilibe mankhwala ochiza, kaya mupereke makapisozi kaya tsabola kaya aloe vera, chomwe chilipo ndi katemera basi.

Choncho tambala akafika, akhale payekha. Masabata awiri ndiye ochepetsetsa, ine ndimakonda atatu, ena amafikitsa mwezi. Payekha sindikutanthauza kumumangirira mwendo pa mtengo wa mango pakati pa bwalo pomwe nkhuku zina zikubwera kudzatola m'mbale yake yomweyo, ayi, kumeneko n'kudzinamiza. Akhale kutali, kuseli kwina, m'chiteretere chachikulu kapena kakhola kapadera, ndi mbale yake ya madzi, ndi yake ya chakudya. M'mawa yambani mwasamala nkhuku zanu zakale, mlendoyo kumapeto, mukatero sambani m'manja, ndipo ngati n'kotheka masilipasi olowera kwa iye akhale ena chifukwa chitosi chimayenda ndi mapazi athu omwewa.

Masiku amenewo ndi oti mumuone bwinobwino. Mutengeni usiku ndi tochi, tambasulani nthenga kunsi kwa mapiko ndi kuzungulira kotulukira chitosi, kumeneko ndi kumene nsabwe zimabisala. Yang'anani kumaso, utitiri umamatirira kuzungulira maso ndi pa lipombo ngati timadontho takuda. Miyendo ikakhala ndi mamba otukuka okhakhala ngati khungwa la mtengo, muli tizilombo tokumba pansi pa mambawo, pakani Vaseline mobwerezabwereza. Mveraninso kapumidwe, kukhosi kukamalira kapena mphuno ikamatuluka mamina, nkhope yotupa, chimenecho ndi chimfine cha nkhuku ndipo chovuta chake n'chakuti nkhuku yochira imatha kukhalabe nacho n'kumapatsira zinzake. Tambala wotere ine sindingamulowetse m'khola mwanga ngakhale atakhala wokongola chotani. Tizilonda touma pa lipombo ndi nthomba. Mufunseninso mwini wake kuti analandira liti katemera wa chitopa. Uja wa I-2, wodonthetsera dontho limodzi m'diso, amaperekedwa miyezi inayi iliyonse, katatu pachaka, ndipo nkhuku imayamba kutetezeka patapita sabata imodzi kapena ziwiri, osati tsiku lomwelo. Ngati mwini wake akungoti kaya mwina, funsani alangizi a ziweto a kwanuko, koma katemera ndi wa nkhuku yosadwala.

Inu opereka, nanunso khalani ndi chilungamo. Ngati tambalayo amathamangitsa ana kapena analumphirapo agogo, nenani, musangoti ndi wamphamvu. Ngati m'mudzi mwanu nkhuku zayamba kufa, musapereke, musagulitse. Chitopa chimafala kwambiri ndi ife tomwe tikamathamangira kumsika ndi nkhuku zotsala tikaona zoyamba zagwa.

Akatha masiku akewo ali bwino, tafika pa ndale za m'khola. Nkhuku zimadziwana ndipo zili ndi maudindo, ino imajompha iyo, iyo imajompha inayo, mpaka yotsiriza imene imadya zinzake zikakhuta. Katswiri wina wa ku Norway, Thorleif Schjelderup-Ebbe, analemba za dongosolo limeneli cha m'ma 1920, ngakhale agogo athu ankaliona tsiku ndi tsiku pothira gaga pabwalo. Mlendo aliyense amasokoneza mndandanda umenewu ndipo nkhuku zimaukonzanso ndi milomo.

Ndiye musunthireni pafupi, koma pakati pakhale waya. Aziwonana, azimvana, osakhudzana, masiku asanu mpaka sabata. Thirani chakudya mbali zonse ziwiri za wayawo kuti azidya moyang'anana. Poyamba mudzaona mathadzi akuluakulu akumuyang'ana cham'mbali, iye akuvina kaphiko kamodzi katagwa pansi, pakapita masiku zimangotopa naye n'kumapitiriza kupalasa, ndiye nthawi yakwana. Mulowetseni usiku nkhuku zitagona, chifukwa mumdima siziona bwino ndipo sizimenyana, mumuike pa mtanda pomwe zinzake zagona. Koma m'mawa mwake mulawirire mukhale pomwepo potsegula khola, osati mwamulowetsa n'kukwera minibasi ya ku ntchito. Ikani mbale ziwiri kapena zitatu motalikirana, ndi pobisala monga lata lotsamira khoma. Ngati nkhuku zanu ndi zoyenda, mutsekereni masiku atatu kapena anayi adziwe pogona, apo ayi dzuwa likamalowa adzayamba kufunafuna kwawo ndipo mukamupeza kwa aneba kapena osamupezanso.

Kujomphana pang'ono, kuthamangitsana, nthenga ziwiri zitatu m'mwamba, zisiyeni, zikukambirana zimenezo. Koma magazi akangooneka chotsani wovulalayo, chifukwa nkhuku zikaona chofiira zimajompha pomwepo osaleka. Tsukani bala, pakani GV, mankhwala a pabala aja, abwerere kuseli kwa waya. Chinanso chimene anthu sachiyembekezera, tambala wamng'ono wa miyezi itatu inayi amamenyedwa ndi mathadzi akuluakulu mpaka kumagona panja, ndiye ndi bwino kudikira akule ayambe kulira bwinobwino.

Nanga ngati m'kholamo muli kale tambala? Akuluakulu anati atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo pa nkhani ya atambala akuluakulu osadziwana sananame. Obadwa pamodzi n'kukulira pamodzi amatha kukhala, wina amagonja kalekale n'kumadziwa malire ake. Ofufuza a ku yunivesite ya Nagoya ku Japan anaonetsa mu 2015 kuti m'bandakucha tambala wamkulu pa udindo ndi amene amayamba kulira, enawo amadikira. Koma awiri okhwima, aliyense anazolowera kukhala bwana kwawo, m'kakhola ka kuseli kwa nyumba ya lendi ndi mathadzi asanu, pamenepo wina atuluka diso kapena afa, zikhadabo za kumbuyo kwa miyendo zija si zamasewera. Zimatheka pokhapokha malo ali aakulu, mathadzi 20 kapena kuposa, woluza ali ndi kothawira. Ngati cholinga chanu ndi kusintha mbewu, wakaleyo achoke kaye tsiku limodzi kapena awiri watsopano asanalowe.

Ndipo musathamangire kufungatiritsa mazira a sabata yoyamba n'kumayembekezera anapiye akuda a Mikolongwe. Thadzi limasunga mbewu ya tambala m'thupi mwake masabata awiri, nthawi zina mpaka atatu, ndiye mazira oyambawo akhoza kukhala a tambala wakale uja munadya Lamulungu. Munthu wina anabwera kwa ine atakwiya kuti anamugulitsa tambala wabodza chifukwa anapiye onse anatuluka ofiira ngati wakaleyo. Mazira a masabata atatu oyambawo kazingani ana adye, oika pa thadzi muyambe kusunga sabata yachinayi, ndipo muzilemba deti ndi pensulo pa dzira lililonse.