Pangano la Nagoya: mafunso a ofufuza za nthaka, zomera ndi nkhalango

Ofufuza ambiri amamva za Pangano la Nagoya ntchito itapita kale patali. Dothi lili m'mabotolo, masamba auma, ndiye bungwe lopereka ndalama kapena magazini ya sayansi n'kufunsa chikalata cha chilolezo. Mafunso awa ndi oyenera kuyankhidwa munthu asanapite kukatola kanthu kalikonse.

Kodi panganoli likuti chiyani?

Mayiko anagwirizana za panganoli mumzinda wa Nagoya ku Japan pa 29 Okutobala 2010, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 12 Okutobala 2014. Linachokera m'pangano lalikulu loteteza zamoyo zosiyanasiyana limene linasainidwa ku Rio de Janeiro mu 1992. Mfundo yake ndi yakuti dziko lililonse lili ndi ulamuliro pa zomera, nyama ndi tizilombo tosaoneka ndi maso topezeka m'dzikomo. Wofuna kufufuza chibadwa cha zamoyozo, kapena mankhwala amene ali m'kati mwake, ayenera kupempha kaye, n'kugwirizana ndi eni ake mmene adzagawanire phindu. Chibadwa cha anthu sichili m'panganoli.

Ine ndimangoyeza chonde cha nthaka. Kodi zikundikhudza?

Zimatengera chimene mukuyang'ana m'dothimo. Ngati mukuyeza asidi, mchere kapena kuchuluka kwa nayitrojeni, simukufufuza chibadwa cha chamoyo chilichonse. Koma mukazula nyemba, n'kuthothola timphundu timene timamera pamizu yake kuti mudziwe mtundu wa mabakiteriya amene amakoka nayitrojeni mumpweya, n'kuwerenga DNA yawo, imene imasunga chibadwa chawo, mwalowa kale m'nkhani ya Nagoya. Chimodzimodzi wofufuza chifukwa chimene mtengo wina umapirira chilala kuposa unzake. Komabe dziko lililonse lili ndi malamulo akeake, ndipo ena amafuna chilolezo ngakhale pa dothi wamba lotuluka kunja.

Ndipemphe kwa ndani?

Dziko lililonse limene lili m'panganoli limasankha ofesi yoyankha mafunso ndi ina yopereka zilolezo, ndipo mayina ake amapezeka pa intaneti pa tsamba la panganoli lotchedwa ABS Clearing-House. Pamafunika zinthu ziwiri: chilolezo choperekedwa ntchito isanayambe, eni ake atauzidwa zonse, ndi mgwirizano wolembedwa wa mmene zinthuzo zidzagwiritsidwire ntchito. Ngati mukutsamira pa nzeru za anthu a m'deralo, mwachitsanzo zimene amadziwa za mizu ya mankhwala, nawonso ayenera kuvomera. Chidindo cha boma chokha sichikwanira.

Kafukufuku wanga si wa malonda. Phindu logawanalo ndi liti?

Funso limeneli ndi limene limawawa ophunzira a m'mayunivesite, ndipo dandaulo lawo ndi lomveka, chifukwa kudikira mapepala kumatha kudya nyengo yonse ya mvula. N'chifukwa chake Gawo 8 la panganoli limalimbikitsa mayiko kufewetsa njira kwa ofufuza osafuna malonda. Phindu silikhala ndalama zokha. Kulemba limodzi zotsatira ndi akatswiri a m'dzikomo, kuphunzitsa ophunzira awo, kusiyako zina mwa zimene mwatola, ndi kubwerera kukafotokozera anthu zimene mwapeza, zonsezi zimawerengedwa.

Koma wodandaula akumbukire nkhani ya hoodia. Anthu a mtundu wa San ankatafuna chomera chimenechi m'chipululu cha Kalahari pofuna kupha njala ndi ludzu pa maulendo a kosaka. Bungwe la kafukufuku la CSIR ku South Africa linalembetsa umwini wa mankhwala ake m'zaka za m'ma 1990 eni nzeruwo osadziwa, ndipo mgwirizano wogawana nawo phindu unabwera mu 2003, mkangano utabuka kale. Ntchito yoyamba ngati chidwi cha sayansi imatha kusanduka malonda patapita zaka, ndiye mgwirizano wabwino umanena kuti cholinga chikasintha, mukambiranenso. Ku South Africa komweko, mu 2019 makampani a tiyi wa rooibos anavomera kupereka 1.5 peresenti ya mtengo wogulira kwa alimi kuti ipite kwa anthu a Khoi ndi San.

Nanga mbewu za chakudya?

Zambiri zili ndi njira yakeyake. Pangano la mbewu la mu 2001 la FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, lili ndi mndandanda wa mbewu 64 za chakudya cha anthu ndi ziweto, monga chimanga, mpunga ndi tirigu, zimene ofufuza amasinthana pa mgwirizano umodzi wofanana.

Ngati DNA ndaipeza pa intaneti, osagwira chomera chenichenicho?

Apa ndi pamene mayiko anakokanakokana kwa zaka. Ku Montreal mu Disembala 2022 anagwirizana kuti phindu lochokera ku DNA yosungidwa pa makompyuta nalonso ligawidwe, ndipo ku Cali m'dziko la Colombia mu 2024 anakhazikitsa thumba lotchedwa Cali Fund. Makampani akuluakulu amene amapindula ndi DNA yotereyi akupemphedwa kuponyamo 1 peresenti ya phindu lawo kapena 0.1 peresenti ya ndalama zonse zimene apeza, ndipo theka kapena kuposerapo likuyenera kupita kwa anthu a m'madera amene amasamalira zamoyozo. Mayunivesite ndi mabungwe a boma ofufuza sakuyembekezeredwa kulipira.