Loya wa legal aid akamalemba nthawi sakukonza bilu yanu

Ndatopa kumva anthu akwathu okhala ku England ndi Wales akudandaula kuti loya wa legal aid (thandizo la zamalamulo lolipiridwa ndi boma) akamayang'ana wotchi n'kumalemba, ndiye kuti akukonza bilu yodzawalipiritsa. Uphungu wa loya kupolisi ndi waulere kwa aliyense womangidwa, wolemera kapena wosauka, ndipo amene amalipira ndi Legal Aid Agency, bungwe lomwe linalowa m'malo mwa Legal Services Commission mu 2013.

N'zoona kuti kuyambira 2008 ntchito ya kupolisi ili ndi malipiro okhazikika, koma ikapyola malire oikika, monga zimachitikira pakafunika womasulira kapena apolisi akamafunsa mobwerezabwereza, loya amapempha ndalama zoonjezera pa fomu ya CRM18, ndipo umboni wake ndi maola olembedwawo. Ku magistrates' court (khoti laling'ono) nakonso, nthawi yowerengedwa m'zigawo za mphindi 6 ndiyo imasonyeza ngati mlandu ukuyenera malipiro apansi, apamwamba, kapena opemphedwa padera pa fomu ya CRM7. Kwa oyendera mafayilo a ku Legal Aid Agency, ntchito yosalembedwa ndi ntchito yosachitika.

Mlandu umene umandiwawabe mumtima ndi wa mnyamata wina yemwe fayilo yake inabwera ku ofesi yathu kuchokera ku ofesi ina ya maloya ili ndi mzere umodzi wokha wonena kuti loya anapita kupolisi. Mnyamatayo ankanenetsa kuti analangizidwa kusayankha mafunso. Pansi pa gawo 34 la Criminal Justice and Public Order Act 1994, khoti likhoza kukayikira munthu amene sanatchule kupolisi mfundo yomwe akudzitchinjiriza nayo pozengedwa mlandu, choncho tinkafunika kuonetsa zimene apolisi anaulula asanayambe kufunsa, nthawi imene loyayo ndi mnyamatayo anakambirana, ndi chifukwa cha malangizowo. Zonsezi munalibe, loyayo anali atasiya ntchito, ndipo mnyamatayo anatsala ndi mawu a pakamwa pake okha.

Mukamangidwa, pemphani loya nthawi yomweyo, ngakhale wina akuuzeni kuti mukayankha nokha mutuluka msanga, pakuti zimene mwanena pa tepi sizibwezedwa. Chonde musapereke ndalama kwa anthu oyendayenda m'magulu a WhatsApp odzitcha odziwa malamulo, chifukwa sasunga zolemba, saloledwa kukuimirani kukhoti, ndipo zikavuta foni yawo siipezeka. Dzina la loya weniweni mukhoza kulifufuza m'kaundula wa Solicitors Regulation Authority, bungwe loyang'anira maloya, pa intaneti musanamuuze chilichonse chokhudza mlandu wanu.