Wachinyamata amadziwa kuti mowa umapha, koma amaupapirabe

Makolo akamadandaula za mwana wawo wa zaka 15 kapena 17 amene wayamba kubwera kunyumba akudzandira, mawu awo sasiyana kwenikweni: "Ameneyu amadziona ngati sangafe." Akatero amafuna kuti ife a zaumoyo timukhazike pansi, timuopseze ndi zithunzi za chiwindi choonongeka ndi nkhani za ngozi za pamsewu, kuti mwina mantha amubweze. Ndimawamvetsa. Koma kuopseza sikuphula kanthu kawirikawiri, chifukwa kumachokera pa ganizo lakuti mwanayo sadziwa kuopsa kwa mowa. Amadziwa ndithu.

Ganizo lakuti achinyamata amadziyesa osafa linatchuka mu 1967, pamene katswiri wa maganizo a ana wa ku America, David Elkind, analemba kuti mwana akamatha msinkhu amayamba kudziona ngati munthu wapadera amene zogwera ena sizingamugwere, komanso amaganiza kuti maso a anthu onse ali pa iye. Aliyense amene analerapo mwana amavomera akamva zimenezi. Koma akatswiri atayamba kufunsa achinyamata eni ake, zinthu zinaoneka mwina. Mu 1993, Baruch Fischhoff ndi anzake anafunsa achinyamata pamodzi ndi makolo awo ngati amaona kuti zoipa zosiyanasiyana zingawachitikire. Anapeza kuti ana sankadziona otetezeka kuposa mmene akuluakulu ankadzionera. Tonsefe, ana ndi akulu omwe, timakonda kuganiza kuti tsoka ndi la ena. Kafukufuku wa pambuyo pake anasonyezanso kuti achinyamata ambiri amachita kukokomeza ngozi: ukawafunsa ngati angafe posachedwa, amaona imfa pafupi kuposa mmene ilili.

Ndiye ngati amadziwa, chimamukoka n'chiyani?

Ubongo wa munthu sukhwima wonse nthawi imodzi. Mbali imene imamva kukoma kwa zinthu, imene imalakalaka zatsopano ndi kutamandidwa, imadzuka mwamphamvu mwana akangotha msinkhu. Mbali ya kutsogolo, kuseri kwa chipumi, imene imathandiza munthu kudziletsa, kudikira ndi kuganizira za mawa, imapitiriza kukhwima mpaka munthu atafika zaka za m'ma 25. Pakati pa nthawi ziwirizi pali zaka pafupifupi khumi zimene chilakolako chimakhala champhamvu koma kudzigwira kukadali kofooka. Mwana yemweyo mukamufunsa masana, ali phee, adzakuyankhani mwanzeru ngati munthu wamkulu. Nzeruzo alidi nazo. Zimangolephera kufika pa nthawi yake pamene mtima uli m'mwamba, nyimbo zikulira, anzake akumuchemerera.

Anzakewo ndiwo mutu wa nkhani. Mu 2005, Margo Gardner ndi Laurence Steinberg a ku Temple University anachita kafukufuku wosavuta kumva. Anapatsa anthu gemu ya pa kompyuta yoyendetsa galimoto, yomwe munthu amayenera kusankha kuima kapena kupitirira nyali yachikasu ikayaka. Ena ankasewera okha, ena anzawo awiri ali pambali. Achinyamata a zaka 13 mpaka 16 akakhala okha sankasiyana kwambiri ndi akuluakulu. Anzawo akangokhalapo, kuchita zinthu zoika moyo pachiswe kunkawirikiza kawiri. Kwa akuluakulu, kukhalapo kwa anzawo sikunasinthe kanthu. Patapita zaka zingapo gulu la Steinberg linabwereza zimenezi likujambula ubongo, ndipo linaona kuti wachinyamata akangodziwa kuti anzake akumuonera ali m'chipinda china, mbali ya ubongo yomva kukoma ija imagwira ntchito mwamphamvu. Palibe amene ankamukakamiza. Kungoonedwa kokha kunali kokwanira.

Chodabwitsa n'chakuti ngakhale mbewa zimatero. Gulu lomwelo linapeza kuti mbewa zazing'ono za msinkhu wofanana ndi wa achinyamata zimamwa mowa wambiri zikakhala ndi zinzake kusiyana ndi zikakhala zokha, pamene mbewa zazikulu sizisintha. Mbewa siopa kusekedwa, siikidwa pa Facebook. Choncho si nkhani ya mwano kapena kulera koipa kokha. Ndi mmene msinkhu umenewu unapangidwira. Izi sizichotsa mlandu pa mwana, koma zimatiuza pofunika kugwira.

Pali china chimene makolo ambiri sachidziwa, ndipo kwa ine ndicho choopsa kwambiri. Munthu wamkulu akamwa mowa wambiri thupi limamuchenjeza: tulo timabwera, miyendo imalemera, lilime limakana, ndipo mawa lake matsire amamulanga. Kafukufuku wa pa makoswe, makamaka wa Linda Spear wa ku Binghamton University, anasonyeza kuti zinyama za msinkhu wa chinyamata sizimva msanga tulo ndi kudzandira kumeneku, koma zimamva kwambiri mbali yokoma ya mowa, yomasula munthu pagulu. Sitingamwetse ana mowa dala kuti tiyese zomwezo, koma zimene timaona pa anthu zimagwirizana nazo. Mnyamata amaimabe chilili pa mlingo umene bambo ake akanagona kale, ndiye amaganiza kuti ndi dolo, mowa sumugwira. Pamenepa ndi pamene pamabadwira kudzimva ngati sangafe: thupi lake lenileni limamunamiza. Mowa wa m'magazi ukukwerabe, koma chenjezo silikubwera.

N'chifukwa chake achinyamata samwa kawirikawiri ngati akuluakulu, koma akati amwe amamwa wambiri pa nthawi imodzi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, WHO, limati munthu wamwa mopitirira muyezo akamwa magalamu 60 kapena kuposerapo a mowa weniweni pa nthawi imodzi. Botolo la mowa la mamililita 330 lokhala ndi 5 peresenti lili ndi magalamu pafupifupi 13, ndiye tikunena mabotolo pafupifupi 5. Ku America amawerenga kuti ndi mowa wofanana ndi mabotolo otere pafupifupi 5 kwa mwamuna kapena 4 kwa mkazi m'maola awiri. Manambala amenewa ndi a anthu akuluakulu. Mwana wa thupi laling'ono amafika pamenepo ndi wochepa, ndipo mtsikana amafika msanga kuposa mnyamata wa thupi lofanana naye, chifukwa thupi la mkazi lili ndi madzi ochepa osungunulira mowa.

Mowa waukali ndiwo umasokoneza masamu onse. Wa 40 peresenti, magalamu 60 aja amakwana m'mamililita 190 okha, osadzaza n'komwe kapu. Botolo limodzi la mamililita 750 lili ndi mowa wofanana ndi mabotolo 18 a mowa wamba uja. Ana atatu akagawana botolo lotero pa ola limodzi, mobisala ndiponso mofulumira kuti asagwidwe, aliyense wadutsa kale muyezo wa munthu wamkulu. Chiwindi sichifulumizidwa: chimachotsa magalamu 7 mpaka 10 okha pa ola. Khofi, madzi ozizira, kuthamanga, zonsezi sizichotsa mowa m'magazi. Ndipo kusakaniza mowa ndi zakumwa zopatsa mphamvu kumangobisa tulo, komwe ndi kachenjezo kochepa kamene kanatsala.

Mowa ukalowa umafinya maganizo. Akatswiri a maganizo a anthu, Claude Steele ndi Robert Josephs, anafotokoza mu 1990 kuti munthu woledzera amangoona chimene chili pamphuno pake, za patali zimazimirira. Chapafupi ndi mnzake amene akuti "takwera tizipita", mtsikana kapena mnyamata amene akumumwetulira, munthu amene wamuponda phazi. Chapatali ndi mimba, HIV, ndende, manda. Ndipo mbali ya ubongo imene mowa umayamba kufooketsa ndi ya kutsogolo ija, yomwe mwa wachinyamata inali yosakhwima kale. Achinyamata ambiri amene mowa umawapha safa ndi chiwindi. Chiwindi chimafuna zaka zambiri. Amafa usiku womwewo: pamsewu, m'madzi, pa ndewu, pogwa kuchokera pamwamba, kapena potsamwa ndi masanzi awo.

Pali nkhani inanso imene achinyamata amaifotokoza akuseka: "Sindikukumbuka chilichonse cha dzulo." Uku si kukomoka. Munthu amakhala akuyenda, akulankhula, akuvomera zinthu, koma mbali ya ubongo yosunga zochitika, yotchedwa hippocampus, yaleka kulemba. Zimachitika makamaka mowa ukakwera mofulumira m'magazi, monga pomwa mopikisana kapena m'mimba muli pululu. Zimene sizinalembedwe sizibweranso. Mwana akakuuzani kuti zinamuchitikirapo, musazitenge ngati nthabwala, ndipo ngati ndi kangapo, akaonane ndi wa zaumoyo.

Ena amati msiyeni, mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imufotere yekha. Pa zinthu zambiri mwambiwu ndi woona, koma pa mowa sindiuvomereza, chifukwa phunziro lake nthawi zina limabwera kamodzi kokha. Komanso nthawi yoyambira ili ndi kanthu. Mu 1997, Bridget Grant ndi Deborah Dawson atasanthula mayankho a anthu zikwi zambiri ku America anapeza kuti amene anayamba kumwa asanafike zaka 15 ankagwa m'uchidakwa kuwirikiza pafupifupi kanayi poyerekeza ndi amene anayamba ali ndi zaka 20 kapena kuposerapo. Si mowa wokha umachititsa zimenezi. Mwana woyamba msanga nthawi zambiri amakhala ndi mavuto ena, a kunyumba kapena a mumtima. Komabe chaka chilichonse chimene mwachedwetsa ndi phindu.

Nanga kumupatsa pang'ono kunyumba kuti aphunzire kumwa mwaulemu? Makolo ambiri ophunzira amakhulupirira zimenezi. Ku Australia, Richard Mattick ndi anzake anatsatira ana pafupifupi 1,900 kwa zaka 6, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2018. Ana amene ankapatsidwa mowa ndi makolo sanatetezeke. Ankamwa mopitirira muyezo kuposa amene sankapatsidwa, ndipo ambiri ankakaupezanso kwina.

Chimene chasonyeza kuthandiza n'chosasangalatsa kumva, chifukwa chimafuna ntchito. Ku Iceland, mu 1998, ana 42 pa 100 alionse a zaka 15 ndi 16 ankati analedzerapo m'mwezi wapitawo. Pofika 2016 anali 5 okha. Sanawonjezere maulaliki. Anakhwimitsa malamulo a kagulitsidwe ndi kutsatsa mowa, anaika lamulo loti ana a zaka 13 mpaka 16 asapezeke panja ikakwana 10 koloko usiku m'nyengo yozizira, anagwirizanitsa makolo kuti asalole mapwando opanda munthu wamkulu, ndipo anaika ndalama m'masewera, nyimbo ndi magule kuti ana akhale ndi kopita. Kumwa kwa achinyamata kunatsikanso m'mayiko ena a ku Ulaya pa zaka zomwezo, choncho si zonse zimene tingati zinachokera ku ndondomekoyi. Koma nzeru yake ikugwirizana ndi zimene tikudziwa za ubongo: chilakolako cha zoopsa simungachizimitse, mungangochipatsa kolowera, n'kuchepetsa maola amene mwana ali ndi anzake, mowa ulipo, wamkulu palibe.

Pakhomo panu izi zikutanthauza kudziwa kumene ali, amene ali naye, ndi nthawi yobwerera, komanso kudziwana ndi makolo a anzakewo. Muuzeni momveka kuti simukufuna amwe. Ana amamva zimenezi kuposa mmene nkhope zawo zimaonetsera. Muuzeninso choona chimene sachidziwa: achinyamata amakonda kuganiza kuti anzawo onse amamwa kwambiri, pamene ambiri samwa motero. Ndipo musangomupatsa malangizo, konzani naye mawu okanira ndi njira yochokera pamalo asanapite, chifukwa ali pomwepo si nthawi yoganiza. Aonenso mmene inu mumamwera.

Chomaliza ndi chimene ndimafuna wachinyamata aliyense adziwe, kaya amamwa kaya samwa. Mnzanu akagona ataledzera, mowa umene uli m'mimba umapitiriza kulowa m'magazi, ndiye akhoza kuipiraipira ali mtulo. Ngati sakudzuka mukamugwedeza, akusanza osadzuka, akuphupha, thupi lazizira, milomo yasintha mtundu, akupuma kosakwana ka 8 pa mphindi kapena akudukiza masekondi 10 osapuma, ameneyo sakugona ayi, mowa wasanduka poizoni. Mugonekeni chammbali, bondo lapamwamba litapindidwa, mutu utapendekera kumbuyo pang'ono, kuti masanzi atuluke. Osamugoneka chagada. Osamukakamiza kusanza, osamumwetsa kanthu, osamuthira madzi ozizira, mufunditseni. Musamusiye yekha, ndipo itanani thandizo kapena thamangirani naye kuchipatala, mukanene zoona za chimene wamwa ndi kuchuluka kwake. Mwa ana aang'ono mowa umathanso kugwetsa shuga wa m'magazi, chinthu chimene simungachione ndi maso.

Chimene chimachedwetsa thandizo nthawi zambiri ndi mantha. Anzake amadziwa kuti zinthu zavuta, koma amaopa makolo, aphunzitsi kapena apolisi, ndiye amamukokera m'chipinda kuti "adzuka bwino mawa". Inu makolo, muuzeni mwana wanu lero, zinthu zili bwino, kuti akadzakuimbirani foni usiku chifukwa iye kapena mnzake waledzera, mudzabwera nthawi yomweyo, ndipo zokalipa mudzakambirana kukacha.